Mtima wa achemwali ndi nambala ya 150

Mtima wa munthu wamkulu amene wakhala pansi n'kupuma umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi. Ana a sukulu amaloweza zimenezi pokonzekera mayeso, akangolemba n'kuiwala. Pabanja pathu sitingaziiwale, chifukwa kwa zaka ziwiri tsopano nambala imeneyi ndiyo imatiuza ngati kwacha bwino kapena ayi. Tilipo anayi amene tikulemba nkhaniyi, amuna awiri ndi akazi awiri, a bere limodzi, kwathu ku Chitipa. Wachisanu ndi mkulu wathu, achemwali amene anatilera makolo atatisiya, mphunzitsi wa ku pulayimale. Iwowa ali ndi valavu yochita kupanga mumtima mwawo. Madokotala amati ndi ya kaboni wolimba, koma pakhomo timangoti yachitsulo. Usiku kukakhala zii imamveka kuti tiki, tiki, ngati wotchi ya pamkono.

Anawaikira valavuyi ku India, ndipo tsiku lomwelo madokotala anachitanso ntchito ina yoti mtima wawo usiye kugunda mosokonekera. Tikufuna kunena za chimene chinabwera patatha miyezi 7, vuto lotchedwa atrial flutter. Si ife tokha amene tinalandirapo wodwala wochokera ku opareshoni ya mtima kunja kwa dziko, ndipo ambiri mwa odwalawa amabwerera kumidzi ya kutali ndi dokotala wa mtima, monga kwathu kuno.

Achemwali atayamba kudwala, obwera kudzazonda ankafunsa funso limodzi lokhalokha. Munthu wosadziwa kukoma kwa mowa, wosasuta, woti ngakhale khofi wa ku Misuku amangomuonera m'munda, matenda a mtima amupeza bwanji? Ena ankafunsa mwachifundo, ena mumachita kumva kuti akufufuza tchimo lobisika kapena dzanja la munthu. Yankho lake lili pakhosi pa mwana. Pali mabakiteriya otchedwa streptococcus amene amayambitsa zilonda zapakhosi mwa ana a msinkhu wa sukulu. Mwana akapanda kulandira penicillin, mwa ana ena chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi mabakiteriyawo n'kupyola malire, chimayamba kuwononga mfundo za mafupa ndi mavalavu a mtima. Kutupa kwa mawondo kumatha, mwana amabwerera kusukulu, koma valavu imatsala ikuuma pang'onopang'ono kwa zaka 10, zaka 20. Achemwali amakumbukira kuti ali Sitandade 4 anagona milungu ingapo mawondo ndi akakolo zitatupa, agogo akuwathowa ndi madzi ofunda. Panalibe amene anaganizira za mtima.

Matendawa si osowa. Kafukufuku wa REMEDY, amene anachitika m'mayiko 12 a mu Africa kuphatikizapo Malawi, komanso ku India ndi ku Yemen, analemba odwala 3,343. Theka la iwo anali asanapitirire zaka 28, ndipo awiri mwa atatu alionse anali akazi. Ku Lilongwe madokotala ataunika mitima ya ana 1,450 anapeza kuti ana oposa atatu mwa 100 alionse anali nazo kale zizindikiro zake, ana ooneka athanzi, othamanga ndi anzawo pabwalo.

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi ndi ziwiri zam'munsi zopopa. Valavu ya achemwali imene inawonongeka ndi ya mitral, khomo la pakati pa chipinda cham'mwamba ndi cham'munsi mbali ya kumanzere. Khomo likachepa magazi amadzadzana kumbuyo kwake, chipinda cham'mwamba chimafutukuka ngati thumba lodzaza mopyola, ndipo mnofu wofutukuka sumvera bwino timagetsi timene timaulamula kugunda. Apo ndiye poyambira atrial fibrillation. Zipinda zam'mwamba zimasiya kufinya, zimangonjenjemera. Mukagwira pamkono mumamva ngati mwana akuphunzira ng'oma, kuwiri mofulumira, kenako chete, kumodzi kwamphamvu, kutatu kofooka. Tinakhala nako kugunda kumeneku zaka zinayi mpaka zala zathu zinakuloweza. Kuopsa kwake kwakukulu n'kwakuti magazi osayenda bwino amaundana m'kathumba kena ka m'chipinda chakumanzere, ndipo oundanawo akachoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo munthu amachita sitiroko.

Pofotokozerana tokhatokha tinapeza kuti fanizo limene limagwira ndi la moto wa kutchire. Kugunda kulikonse kuli ngati moto woyatsidwa pamalo amodzi, pamwamba pa chipinda chakumanja. Umasesa udzu wonse kamodzi n'kuzima, poti palibenso choti utenthe. Kusiyana kwake n'kwakuti udzu wa mumtima umameranso m'kanthawi kosakwana sekondi, n'kumadikira moto wina. Mu atrial fibrillation mumakhala timoto tambirimbiri tongoyendayenda, kalikonse kakupeza udzu wongomera kumene, osazima. Dokotala wina wa ku St. Louis ku America, James Cox, anaganiza zolambula njira zotchinga moto. Mu 1987 anachita opareshoni yoyamba ya mtundu umene unatchedwa maze: anacheka makoma a zipinda zam'mwamba m'mizere n'kusokanso. Magetsi sadutsa pachipsera, choncho mizereyo ikapola imasiya kanjira kamodzi kokhotakhota koti moto weniweni udutsemo, ndipo timoto tosokera tija timasowa bwalo. Masiku ano ambiri sachekanso. Amawotcha mizereyo ndi chipangizo chotentha kapena kuiumitsa ndi chozizira kwambiri, zimene zimafulumira. Achemwali anachitidwa zoterozo, poti chifuwa chinali chitatsegulidwa kale chifukwa cha valavu.

Anatichenjeza kuti miyezi itatu yoyamba mtima umatha kusokonekerabe pamene mabala a m'kati akupola, ndipo zambiri zotere zimatha zokha. Miyezi itatuyo inadutsa bwino. Achemwali anabwerera m'kalasi, anayambanso kupita kutchalitchi wapansi osaima panjira, ndipo amayi a Dorika amene ankabwera kudzatunga madzi ndi kuchapa anasiya kunyamula ndowa, ankangobwera kudzacheza. M'kope limene tinagulira ntchito imeneyi tinkalemba mmawa uliwonse, 72, 78, 70.

Woyamba kumva kusintha anali mwana wa mchimwene wathu, mtsikana wa Fomu 1 amene amagona chipinda chimodzi ndi azakhali ake. Mmawa wina anati, "Ababa, wotchi ya azakhali ikuthamanga." Tinawerenga, 150. Tinawakhazika pamthunzi, patatha ola tinawerenganso, 150. Madzulo 148, mawa lake 150. Eni akewo ankangomva kutopa ndi kaphuma akamakwera kamtunda kochokera kumjigo. "Ndi kutopa chabe, ana inu," anatero, "teremu ino yandivuta."

Apa ndi pamene matendawa amanamiza. Aliyense amene anakhalapo ndi wodwala atrial fibrillation amaphunzira kuopa kugunda kodumphadumpha, ndipo kugunda kwadongosolo amakuyesa thanzi. Mkulu wina wa mpingo, munthu wabwino amene anatithandiza kusonkha ndalama za ulendo wa ku India, anagwira mkono wa achemwali n'kunena kuti, "Mayi, komatu ukugunda bwinobwino uwu, sukuphonya ngati kale lija." Ananena zoona, sunkaphonya. Koma mtima wathanzi sukhala pa nambala imodzi. Mukagona umatsika, mukasenza ndowa umakwera, mukadzidzimuka umalumpha. Ngakhale malungo kapena kuchepa kwa magazi zikauthamangitsa, umasinthasinthabe, 110 tsopano, 125 mukaimirira. Mtima umene wakakamira pa 150, munthu atakhala, atagona, ali m'tulo, wagwidwa ndi china.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anayamba ndi zimene ayenera kuyamba nazo kuno. Anayeza malungo, sanawapeze. Anayeza magazi, anali okwanira. Adokotala a pamenepo, mnyamata wamng'ono ndithu, anatenga kope lathu n'kuyendetsa chala pa manambala. Anawagoneka achemwali n'kuwerenga, anawaimiritsa n'kuwerenganso. Kenako analemba m'buku lawo la kuchipatala kuti akufunika ECG ndi kuonedwa ndi odziwa za mtima, ndipo anati tisadikire malipiro a kutha kwa mwezi.

Wosaidziwa Chitipa sangamve kulemera kwa mawu amenewo. Boma lathu lili kumapeto kwenikweni kumpoto, lopanikizika pakati pa Tanzania ndi Zambia, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi 235,000. Kuchoka paboma kufika ku Karonga ndi makilomita 101. Tikuthokoza kuti tsopano ndi tala. Akuluakulu amakumbukira pamene msewu womwewu unkadya tsiku lathunthu nyengo ya mvula. Ku Karonga mumakwera ina yotsata nyanja n'kukakwera mapiri a Chiweta, makilomita ena oposa 200, kuti mufike ku Mzuzu kumene kuli chipatala chachikulu cha chigawo chonse cha kumpoto. Wa ku Nthalire, ku Wenya kapena ku Kameme ali ndi ulendo wina asanafike n'komwe patala. Ambiri a ife Mbeya timaidziwa kuposa Lilongwe. Tinanyamuka Lamlungu mbandakucha, achemwali titawapempherera mpando wa kutsogolo.

ECG ndi kapepala chabe kojambula magetsi a mtima, ndipo kuyeza kwake sikutenga mphindi 5. Pa kapepala ka achemwali adokotala anatilozera ndi cholembera timano tofanana ngati mano a sowo, tina toonekera, tina tobisala kumbuyo kwa mizere italiitali ya kugunda. Anatiwerengera. Zipinda zam'mwamba zinkagunda ka 300 pa mphindi. Pakati pa zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi pali kamfundo kamene kali ngati mlonda wa pageti, ndipo mlondayu salola uthenga uliwonse kudutsa. Kwa achemwali ankalola umodzi n'kubweza wotsatira, n'chifukwa chake tinkapeza 150. Akanalola umodzi pa atatu alionse tikanawerenga 100. Akalola umodzi pa anayi, pamkono pamamveka 75, yadongosolo, yosangalatsa, munthu n'kumayenda ndi flutter osadziwa. Mfundo imeneyi ndiyo inatiziziritsa nkhongono kuposa zonse. Zala ndi wotchi zimaugwira mtima wothamanga, koma sizingalumbire kuti mtima uli bwino. Wochitidwa opareshoni yotere amafunika ECG nthawi ndi nthawi ngakhale akudzimva kuti ali bwino.

Nanga flutter imachokera kuti? Tibwerere ku moto uja. Njira yotchinga moto imathandiza ngati yalambulidwa kuchokera kumapeto kufika kumapeto. Pakatsala kampata, mwina pamene kutentha sikunalowe mnofu wonse, mwina pamene mnofu wowauka unatsitsimukanso patapita miyezi, moto umadutsa pamenepo mwapang'onopang'ono n'kuzungulira chinthu chosapsa, monga khomo la valavu kapena chipsera cha pamene mpeni unadutsa. Pomwe ukufika pamene unayambira udzu wameranso kale, ndiye umangopitiriza, kuzungulira njira yomweyo kasanu pa sekondi imodzi. Mizere imene inathetsa timoto tambirimbiri ndi yomweyo imene imaulambulira msewu moto umodziwu. Dokotala wa ku London, Thomas Lewis, anafotokoza kale cha m'ma 1920 kuti flutter ndi magetsi oyenda mozungulira. Imagwiranso anthu amene sanachitidwepo opareshoni, ndipo mwa iwo njirayo kawirikawiri imakhala m'chipinda chakumanja. Mwa ochitidwa maze ikhoza kukhala kumanja kapena kumanzere, ndipo yakumanzere ndiyo yovuta kuipeza ndi kuitseka.

Mmodzi wa ife anafunsa mosabisa mawu: "Adokotala, ndiye kuti opareshoni ija inalephereka?" Funsoli linali ndi ng'ombe ziwiri m'kati mwake, ndi zopereka za abale ambiri. Anayankha kuti valavu ikugwira ntchito bwino, fibrillation sinabwerere, ndipo flutter ndi chimodzi mwa zotsatira zodziwika za opareshoni yotereyi ngakhale m'manja mwa akatswiri. Mawuwo tinawatembenuza masiku ambiri ndipo tikugwirizana nawo. Walira mvula walira matope. Achemwali amene kale ankagona chokhala, atatsamira mapilo atatu chifukwa cha phuma, tsopano ankagona chagada ngati wina aliyense, ndipo zimenezo sitikanazisinthanitsa ndi chilichonse. Koma tikuonanso kuti mabanja ayenera kuuzidwa za matopewo asanakwere ndege yobwerera, m'chinenero chimene akumva, ndi nambala yeniyeni yoti aziyang'anira.

Flutter si yoisiya kuti ione yokha. Mtima wothamanga 150 usana ndi usiku kwa milungu ndi miyezi umatopa, mnofu wake umafooka, miyendo imayamba kutupa, ngakhale kuti mphamvuyo kawirikawiri imabwerera liwirolo likathetsedwa msanga. Magazi amathanso kuundana monga mu fibrillation. Ndipo mankhwala ochepetsa liwiro, monga atenolol ndi digoxin, amavutika nayo kuposa mmene amavutikira ndi fibrillation. Achemwali atawonjezeredwa mankhwala kope linayamba kuonetsa 100, nthawi zina 75, akangokwera masitepe n'kulumphiranso pa 150. Tinkachita kumuona mlonda uja akusintha mawerengedwe ake.

Njira yachidule yoithetsa ndi kuugwedeza mtima ndi magetsi. Wodwala amagonetsedwa kwa mphindi zochepa, amamumata zinthu ziwiri pachifuwa, ndipo mphamvu imodzi imazimitsa moto wonse nthawi imodzi kuti woyatsa weniweni ayambirenso. Koma pali lamulo. Ngati m'chipinda muli kale magazi oundana, mtima ukayambanso kufinya bwino umawakankhira ku ubongo. Choncho madokotala amafuna umboni woti magazi akhala osungunuka mokwanira kwa milungu itatu yotsatizana, ndipo mankhwala apitirire mosadukiza kwa milungu inayi pambuyo pake. Umboniwo ndi nambala ina, ya INR. Kwa munthu wa valavu yachitsulo ya mitral iyenera kukhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Ya achemwali tsiku limenelo inali 1.8.

Warfarin sanamuphonyepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo apa pali nkhani yokhudza makomo athu ambiri, amene ndiwo zake zenizeni ndi masamba ndi nyemba. Warfarin amagwira ntchito polimbana ndi vitamini K, amene thupi limagwiritsa ntchito poundanitsa magazi, ndipo vitamini ameneyu wadzaza m'masamba obiriwira. Unali mwezi wa Febuluwale. Nkhwani, bonongwe, chisoso, khwanya, zonse zinali kuseri kwa nyumba, ndipo mbale ya Febuluwale si mbale ya Okutobala. Mulingo wa warfarin umene unkakwanira m'chilimwe unachepa m'dzinja. Ena akamva zimenezi amauza wodwala kuti asiye masamba. Amenewo ndi malangizo oipa. Thupi limawafuna masambawo, ndipo INR ya munthu wodya masamba mwa apo ndi apo ndiyo imagwedezeka kwambiri. Chofunika ndi kudya mofanana mlungu ndi mlungu, ndi kuyezetsa nyengo ikamasintha kuti adokotala asinthe mulingo potsata mbale.

Tinafunsa ngati palibe mankhwala atsopano osafuna kuyezetsayezetsa, poti tinali titamva za rivaroxaban. Alipo, koma si a aliyense. Wa valavu yachitsulo saloledwa kumwa, ndipo kafukufuku wa INVICTUS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022 atatsatira odwala oposa 4,500 a matenda a valavu ngati awa okhalanso ndi fibrillation, anapeza kuti mwa omwa warfarin munamwalira ochepa poyerekeza ndi mwa omwa rivaroxaban. Choncho kwa achemwali warfarin ndi wa moyo wonse, pamodzi ndi maulendo ake okayezetsa.

Ndi mankhwala ansanje, safuna anzawo obwera osagogoda. Bactrim ndi Flagyl, amene anthu amagula pagolosale ngati maswiti, amakweza INR mpaka munthu kutuluka magazi m'nkhama ndi m'mphuno. Aspirin, Brufen ndi Indocid amawonjezera ngozi yotaya magazi m'mimba. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafooketsa warfarin. Amiodarone, amene achemwali anayambitsidwa pambuyo pake kuti mtima ukhazikike, amakweza INR, moti warfarin anachita kuwachepetsera. Mayi wa msinkhu wobereka ayenera kukambirana ndi adokotala asanaime, chifukwa warfarin amatha kuvulaza mwana m'mimba. Tinenenso za makala. M'makomo mwathu ambiri makala osinja ndiwo mankhwala oyamba a m'mimba, ndipo sitikuwanyoza, koma makala amayamwa zimene apeza m'mimbamo osasankha, ndi warfarin yemwe. Mayi wina wachifundo anabweretsa botolo la adyo, jinja ndi mandimu, akuti litsuke mitsempha. Tinalandira ndi manja awiri, tinathokoza, tinamwa ife athanzi. Madzi, dzuwa, mpweya wabwino ndi kupuma zinawathandiza achemwali kupola bala, koma palibe chakumwa chimene chingatseke kampata ka mumtima.

Milungu itatu ija inayamba kuwerengedwa INR itafika m'malo mwake. Achemwali anakhala kwa msuweni wathu mumzinda, akuyezetsa mlungu uliwonse, 2.6, 3.0, 2.9. Kalasi yawo anagawana aphunzitsi anzawo, chimanga chawo tinabandira ife. Tsiku la magetsi awiri a ife tinadikira pabenchi panja. Sizinatenge theka la ola. Atadzuka anafunsa ngati ayamba kale. Pachifuwa panali pofiira ngati pamene pawauka ndi madzi otentha, ndipo makina a pambali pa bedi ankaonetsa 74.

Kuyambira pamenepo kope lakula. Timawerenga ndi zala ziwiri pamkono, mbali ya chala chachikulu, kwa mphindi yathunthu, iwo atakhala phee kwa mphindi 5, nthawi yomweyo mmawa uliwonse. Chala chachikulu chenichenicho sitiwerengera, chili ndi kugunda kwakekwake. Timalemba nambala, ngati ikudumpha kapena ayi, INR, mulingo wa warfarin, ndi mankhwala alionse atsopano ngakhale Panado. Tinagwirizana ndi adokotala kuti ikapyola 120 atapuma n'kukhala pomwepo kwa maola angapo, tiimbe foni ndi kuyamba kulongedza. Pali zina zosadikira foni: kukomoka, kupweteka pachifuwa, phuma loti munthu sangagone pansi, pakamwa kupotoka, mkono kulefuka, mawu kutuluka osokonekera, chimbudzi chakuda ngati phula, kapena valavu kusiya kumveka monga mwa masiku onse. Zotere zikachitika timanyamuka, kaya ndi pakati pa usiku kaya ndi pa Sabata. Tinapangana kale ndi mwini galimoto wa pafupi, ndipo ndalama ya mafuta ili mu envulopu yake imene sitiikhudza ngakhale sopo atatha.

Chinasinthanso ndi mmene timaonera pakhosi pa ana athu. Mwana akadandaula pakhosi, thupi likutentha, wopanda chimfine ndi chifuwa, sitimusiya ndi madzi amchere okha. Timapita naye kuchipatala, chifukwa jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin, kapena mapiritsi omwa masiku 10 osasiyira panjira, amatseka msewu wonse umene azakhali awo anadutsa. Achemwali nawo m'kalasi mwawo asanduka wofunsa za pakhosi ndi mawondo, mpaka ana amati aphunzitsi awa akanakhala anesi.

Magetsi aja anazimitsa moto koma sanatseke kampata. Kakadalipo, ndipo adokotala sanatibisire kuti flutter ikhoza kubwerera. Inabwereradi mu Novembala, masiku awiri, n'kusiya yokha tili m'kati mokonza ulendo. Chothetseratu ndi ntchito yotchedwa ablation. Amalowetsa timawaya kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche mpaka mumtima, amajambula njira imene magetsi akuzungulira, n'kuwotcha kampatako osatsegula chifuwa. Kwa flutter wamba ya kumanja imathetsa vutoli mwa odwala pafupifupi 9 pa 10 alionse. Kwa ya kumanzere, pafupi ndi valavu yachitsulo, ndi ntchito yofuna makina apadera ndi dzanja lozolowera, ndipo kwa ife ndi ulendo wina wa kunja. Amiodarone naye si womwa mpaka kalekale osayang'aniridwa, amatha kusokoneza chithokomiro, chiwindi ndi mapapo.

Pa nkhani imeneyi anayife sitinagwirizane, ndipo mpaka lero sitinagwirizanebe. Awiri akuti tiyambe kusonkha tsopano achemwali akadali ndi mphamvu, zaka 44 si zaka zoti munthu azikhala akumvetsera pachifuwa pake ngati mlonda, ndipo kudwala kukafika mwadzidzidzi ng'ombe imagulidwa pamtengo wa mbuzi. Awiri akuti ng'ombe zatsala zitatu, ana asanu a pabanja ali ku sekondale, ntchitoyo ili ndi ngozi zake, ndipo munthu amene akuyenda yekha kukaphunzitsa simumunyamula kupita naye kutsidya la nyanja chifukwa cha mantha. Onse akunena zoona, n'chifukwa chake zikuvuta.

Tinakumana mu Januwale, Loweruka usiku Sabata litatha, poti inali nkhani ya ndalama. Eni ake anatimvetsera mpaka womaliza anamaliza. Kenako anati, "Ana inu, mtimawu ndi wanga. Ukathamanganso kawiri chaka chino chisanathe, ndipita. Ukapanda kutero, fizi ya ana iyambe." Tinalemba mawuwo patsamba lomaliza la kope, ndi deti lake. Pamene tikulemba nkhaniyi chaka chadutsa theka, ndipo pansi pa mawuwo palembedwa kamodzi, mu Meyi, maola 9.